Mpunga wa gulu, ndalama zochepa ndi masamu a Folomu 4

Meyi akangofika kuno ku Nkhotakota nkhani m'magulu a alimi a mpunga imakhala imodzimodzi, kaya ndi ku Bua, kaya uko kumbali ya Dwangwa, kaya kumatsikira ku Benga: tigule mtundu uti kwa mamembala, matumba angati, tipunthitse kapena tingopereka wosapuntha omwewo kwa mavenda, tigulitse pompano kapena tisunge mpaka Januwale. Mafunso ake ndi a ndalama zenizeni, thukuta la anthu la chaka chonse, koma m'magulu ambiri amene ndakhalapo pamisonkhano yawo amayankhidwa ndi munthu wa mawu akulu. Amene wayankhula mokweza, kapena amene ali ndi imvi zambiri, kapena amene mwana wake ali ku Lilongwe ndipo "wamva kuti mitengo ikwera", ndi amene amapambana. Ena onse amangoti chabwino a tcheya, kenako n'kumakadandaulira kunjira.

Ine ndine mlembi wa kagulu kena ka alimi a mpunga, ndipo chimene ndikufuna kunena lero n'chakuti mafunso ambiri mwa amenewa ali ndi yankho loti mutha kuliwerengera papepala, ndipo anthu odziwa kuwerengerako tili nawo kale m'midzi mwathu momwemu, angokhala pakhomo ndi satifiketi ya MSCE palibe amawafunsa kanthu.

Manambala onse ndiike apawa ndi oyerekeza, mitengo masiku ano imasintha sabata ndi sabata nde musawatenge ngati mitengo ya pamsika, inu muikepo anu. Chofunika ndi kawerengedwe kake.

Tiyambe ndi chophweka. Venda wabwera akuti thumba la makilo 50 la wosapuntha agula K50,000. Wina pagulu akuti ayi tipunthitse tikagulitse ku Lilongwe, kumeneko kilo ndi yodula. Zoona ndi yodula, koma thumba la makilo 50 likalowa m'chigayo silituluka makilo 50, mankhusu ndi gaga zimachoka, umatsala ndi makilo mwina 32 ngati mpunga unaumitsidwa bwino. Ikani K4,000 yopunthitsa, K5,000 ya thumba latsopano ndi thiransipoti, muphatikize ndi K50,000 ija imene mwaikana kwa venda, zonse K59,000. Gawani ndi 32, mupeza K1,850 pa kilo kapena kuchepera pang'ono. Ndiye kuti mtengo wa ku Lilongwe ukakhala pansi pa pamenepo mwangovutika ulele, bola mukanampatsa venda. Ukakhala K2,500 thumba lija likupatsani K80,000 ndipo mwapindula K21,000 kuposa ya venda. Koma taonani chimachitika mpunga ukapsa kwambiri padzuwa n'kumasweka m'chigayo, mwatsala ndi makilo 28 ogulitsika, mtengo wofunika kuti musaluze wakwera kupitirira K2,100. Anthu amakangana za mtengo wa ku tauni tsiku lonse pomwe ndalama ikutayikira pa lona pomwe akuyanika.

Lole nayonso chimodzimodzi. Kuchoka pano kudzera M5 mpaka ku Salima, kukwera M14 kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 200, ndipo mwini lole akati K400,000 ndi K400,000 basi kaya mwadzadza kaya mwaika theka. Ngati kusiyana kwa mtengo wa kuno ndi wa uko ndi K10,000 pa thumba, matumba 40 oyambirira akungolipira lole, phindu likuyamba pa thumba la 41. Mukanyamuka ndi matumba 30 mwaluza K100,000 musanafike n'komwe pa Khombedza. Izi sizifuna kompyuta, kafoni ka mabatani kali ndi kalikuleta kakwanira.

Tsopano pamene pandisangalatsa ine kwambiri ndi apa, ndipo ndichedwapo.

Tiyerekeze gulu lili ndi K6,000,000 yogulira mpunga kwa mamembala, ndipo nyumba yosungiramo imalowa matumba 120 basi. Pali Kilombero ndi Faya. Kilombero tigula K60,000 thumba, tikapunthitsa n'kugulitsa phindu lake K18,000. Faya tigula K40,000, phindu K14,000. Mukafunsa pamsonkhano, theka la anthu liti Kilombero yekhayekha chifukwa phindu lake pa thumba ndi lalikulu ndipo anthu a m'tauni amamufuna ndi fungo lake lija. Theka lina liti Faya chifukwa ndi wotchipa tigula wambiri. Onse akunena zoona mbali imodzi ndipo akhoza kukangana mpaka dzuwa kulowa.

Werengerani. Kilombero yekha, ndalama ija igula matumba 100, phindu K1,800,000, ndipo malo a matumba 20 atsala opanda kanthu. Faya yekha, ndalama ikanakwana matumba 150 koma nyumba ikulola 120, phindu K1,680,000, ndipo K1,200,000 yangokhala ku akaunti osagwira ntchito. Apa a Kilombero aja ayamba kuombera m'manja kuti apambana. Koma sakanizani, matumba 60 a Kilombero ndi 60 a Faya. Ndalama: K3,600,000 kuphatikiza K2,400,000, ndi K6,000,000 ndendende. Malo: 120 ndendende. Phindu: K1,080,000 kuphatikiza K840,000, ndi K1,920,000. Kuposa maganizo onse awiri aja, popanda kuwonjezera ngakhale tambala imodzi kapena njerwa imodzi pa nyumba.

60 ndi 60 ameneyu sanabwere mongoganizira ayi. Mwana aliyense amene anafika Folomu 4 anaphunzira mutu wa linear programming pa masamu, uja wojambula mizere pa pepala la girafu, x uku y uku, n'kudetsa mbali yosafunika, kenako n'kuyesa makona a chigawo chotsalacho kuti phindu lalikulu lili pati. Ambiri anauphunzira kuti angokhoza mayeso a MANEB n'kuiwala, chifukwa palibe anawauza kuti x ndi Kilombero, y ndi Faya, mzere umodzi ndi ndalama ya gulu ndipo mzere winawo ndi nyumba ya matumba 120. Pagulu pathu amene amajambula girafu imeneyi ndi mtsikana wina, mdzukulu wa membala wathu, anamaliza sekondale koma ndalama yopitira patsogolo inasowa. Amatenga mphindi zochepa chabe.

Masamu amenewa sanayambire m'kalasi, anayambira pa vuto ngati lathuli. Mu 1938 ku Leningrad, mzinda wa ku Russia, katswiri wa masamu Leonid Kantorovich anafunsidwa ndi anthu opanga matabwa a plywood kuti makina awo osiyanasiyana awagawire bwanji ntchito kuti atulutse zambiri, ndipo poyankha funso limenelo anatulukira njira imeneyi. Mu 1947 George Dantzig ku America, akugwira ntchito yokonza mapulani a asilikali a ndege, anapeza njira ya simplex yothetsera mavuto otere ngakhale zinthu zosankha zili mazanamazana zoti sungazijambule pa girafu. Kantorovich anadzalandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 1975 limodzi ndi Tjalling Koopmans. Lero makampani a ndege, a mafuta, a shuga amagwiritsa ntchito zomwezi tsiku ndi tsiku, ndipo mu pulogalamu ya pakompyuta ya Excel muli kachida kotchedwa Solver kamene kamachita zimenezi ngati muli ndi mitundu itatu inayi ya mpunga ndi zopinga zambiri. Koma pa mitundu iwiri, pensulo ndi rula basi.

Chimene chimandikoka mtima kwambiri pa njira imeneyi si 60 ndi 60 uja, ndi mafunso ena amene imayankha mosayembekezera. Mwachitsanzo a neba ali ndi chipinda cholowa matumba 30 akuti tichite lendi. Tilipire zingati? Bwererani ku girafu, malo akhale 150. Tsopano yankho lasintha, ndi Faya yekhayekha matumba 150, ndalama yonse yathera pomwepo, phindu K2,100,000. Lakwera ndi K180,000, kutanthauza kuti malo a thumba limodzi lowonjezera ndi ofunika K6,000 kwa ife. A neba akati K100,000 nyengo yonse, tengani msanga. Akati K200,000, athokozeni mwaulemu muzipita. Ndipo wina akabwera ndi chipinda chachiwiri, ngakhale chotchipa bwanji, n'chopanda ntchito chifukwa ndalama yogulira mpunga woikamo yatha. Nzeru zapamtima sizingakuuzeni zimenezo, munthu amangoona kuti chipinda choyamba chinathandiza ndiye chachiwiri chithandizanso.

Ngongole nayonso. Pa nyumba ya matumba 120 ija, mukawonjezera K20,000 mutha kuchotsa thumba limodzi la Faya n'kuikapo la Kilombero, phindu likwera ndi K4,000. Ndiye kuti K100 iliyonse yowonjezera ikubala K20, 20 peresenti. Ngongole iliyonse imene chiwongola dzanja chake pa nyengo yonse yosunga mpunga chikupitirira 20 peresenti ikudya phindu la gulu, ngakhale wobwereketsayo akuyankhula mokoma chotani. Ganizani za banki m'khonde imene chiwongola dzanja chimawerengedwa pamwezi, mpunga wanu mukuusunga miyezi 6, osanena za katapila. Magulu ambiri amalowa ngongole chifukwa choti ndalama yapezeka, osafunsa kuti ndalamayo ikalowa mu bizinesi yathu ibala zingati.

Nkhani ya kusunga kapena kugulitsa ndiyo yovutirapo, chifukwa palibe amadziwa mtengo wa Januwale ali mu Juni. Apa njira yake ndi kulemba zimene zingachitike ndi mwayi wa chilichonse. Tinene lero thumba ndi K50,000. Mukayang'ana zaka zapitazo mukuona kuti pa zaka 10, zaka 6 mtengo umakwera bwino, tinene kufika K75,000, zaka 3 umangosuntha pang'ono kufika K55,000, ndipo chaka chimodzi umagwa kufika K45,000 chifukwa mpunga wachuluka kapena wa m'masikimu wa nthawi yachilimwe walowa pamsika. Chulukitsani mtengo uliwonse ndi mwayi wake n'kuphatikiza: K45,000, K16,500 ndi K4,500, zonse K66,000. Zikuoneka zokoma. Chotsanipo K5,000 ya makoswe, anankafumbwe, chinyezi ndi mlonda, mwatsala ndi K61,000. Ngati ndalama munagulira mpungawo ndi yanuyanu, sungani. Ngati ndi ya ngongole ya 20 peresenti, chotsaninso K10,000, mwatsala ndi K51,000, ndiye kuti mwadikira miyezi yonseyo ndi mtima m'mwamba chifukwa cha K1,000.

Pamenepa pali zinthu ziwiri zoti ndinene moona mtima. Choyamba, kwacha yathuyi. Mu Meyi 2022 inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, ndipo amene anagulitsa msanga n'kusunga ndalama anaona feteleza ndi dizilo zikuwathawa pomwe amene anasunga matumba anatetezekako. Nde powerengera musamangoona nambala ya kwacha, muzifunsanso kuti ndalamayo idzagula matumba angati a feteleza nthawi imeneyo. Chachiwiri, K66,000 ija ndi ya pakatikati pa zaka 10, ndi yabwino kwa gulu limene lingapirire chaka choipa n'kudzabweza chaka chinacho. Mayi wamasiye wa matumba 8 amene fizi ya mwana ikufunika mu Seputembala sakhala ndi moyo wa pakatikati pa zaka 10, ali ndi chaka chino chokha, ndipo akagulitsa mu Juni si umbuli ayi, wawerengera bwino za pakhomo pake. Ntchito ya gulu ndi kumugula pa mtengo wabwino kuti chiopsezocho chisenzedwe ndi anthu ambiri.

Koma kodi 6, 3 ndi 1 zija muzitenga kuti? Apa ndi pamene pagona vuto lenileni la magulu athu, osati masamu. Sitilemba. Funsani gulu lililonse kuti mtengo wa Faya unali bwanji mu Ogasiti zaka zitatu zapitazo, aliyense atchula wake ndipo aliyense alumbira. Kope limodzi la K1,000 lolembamo mtengo wa pamsika wa pa boma Loweruka lililonse, makilo olowa m'chigayo ndi otuluka, ndalama ya lole ulendo uliwonse, matumba oonongeka, pakatha zaka zitatu kopelo limakhala chuma choposa njinga yamoto ya gulu. Ndipo muzilemba m'makilo a pasikelo osati ndowa, ndowa zimasiyana, ya venda ndi ya kunyumba kwanu si imodzi ndipo tonse tikudziwa imene imakhala yaikulu.

Za mzere wa pachigayo ndingodutsapo mwachidule. Munthu wina wa ku Denmark, A. K. Erlang, akugwira ntchito ku kampani ya matelefoni ya ku Copenhagen, anayamba mu 1909 kuwerengera za kudikira pamzere, ndipo masamu ake amaonetsa chinthu chodabwitsa. Chigayo chothandiza anthu 10 pa ola, anthu akamafika 8 pa ola mosatsata ndondomeko, munthu amatha pafupifupi mphindi 30 kuyambira kufika mpaka kunyamuka. Akamafika 9, ola lathunthu. Akamafika 19 pa maola awiri aliwonse, kudikira kwake ndi maola awiri. Kuwonjezera anthu pang'ono chabe mzere umatalika koopsa, n'chifukwa chake magetsi akangothima maola awiri m'mawa mzere wake sutha mpaka usiku. Tinaziona bwino mu 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale, dziko litataya mamegawati pafupifupi 130, zigayo zikugwira ntchito pakati pausiku amayi akugona pa matumba. Mwini chigayo amene akuganiza zogula injini ya dizilo aziwerengera maola othima magetsi pamwezi, matumba amene akanapuntha maola amenewo, n'kufananiza ndi mtengo wa injini ndi malita a dizilo, osaiwala kuti dizilo amene nthawi zina amasowa pa filing'i. Ena zimawapindulira, ena ayi, zimatengera manambala a pamalopo.

Pali phindu lina la manambala limene m'mabuku a za kayendetsedwe ka bizinesi sindiona akulitchula, koma kwathu kuno ndi lalikulu. Mwana sangaimirire pamsonkhano n'kunena kuti a tcheya mwalakwitsa, ndipo n'zoyenera kuti asatero, ulemu ndi umene umagwirizitsa gulu. Koma mwana yemweyo atha kupita pabolodi n'kunena kuti, "Agogo, ndayesa kuwerengera maganizo anu aja ndi a amayi aja, zatuluka chonchi, mwina mutiunikire ngati ndaphonya penapake." Palibe wanyozedwa. Akuluakulu amayamba kukonza manambalawo, wina akuti lole si K400,000 masiku ano, wina akuti Faya wa kudambo lakumunsi satuluka makilo 32, ndipo apa ndi pamene nzeru zawo za zaka zambiri zimalowa m'malo oyenera, chifukwa iwo ndi amene amadziwa manambala enieni, mwana amangodziwa kuwasanja. Mkangano umachoka pa anthu n'kupita pa bolodi. Ndipo ndalama ikadzaluzika, monga zimachitikira nthawi zina ngakhale mwawerengera bwino, palibe amalozedwa chala kuti anadya kapena anatipusitsa, chifukwa pepala lilipo ndipo aliyense analiona.

Sindikunena kuti girafu ilamule gulu. Girafu sidziwa kuti mtsinje wa Dwangwa usefukira ngati mmene unachitira kumapeto kwa Febuluwale 2024, sidziwa kuti mlatho pa M5 uduka lole ili kutsidya, sidziwanso kuti gulu linakhazikitsidwa kuti lithandize mamembala osati kungosaka phindu. Tengani chitsanzo chija cha 60 ndi 60. Bwanji ngati mamembala ambiri, makamaka ovutikitsitsa, analima Faya ndipo ali ndi matumba 80 oti agulitse ku gulu? Mukawauza kuti masamu akuti 60 basi, enawo pitani kwa mavenda, chaka chamawa gulu mulibe. Nde mumaika chopinga chachitatu pa girafu, Faya asachepere 80. Yankho likhala Faya 80 ndi Kilombero 40, ndalama yogwiritsidwa ntchito K5,600,000, phindu K1,840,000. Lachepa ndi K80,000 poyerekeza ndi lija la poyamba.

Ine ndikanakhala pamsonkhano umenewo ndikanakweza dzanja kuvomereza kuti K80,000 imeneyo itayike, ndipo ndikukhulupirira ambiri akanatero, koma akweze dzanja akuidziwa kuti ndi K80,000, osati K800,000 ndiponso osati ziro. Kenako msungichuma alembe mu maminitsi kuti K400,000 yotsala pa ndalama yogulira ija isagawidwe ndipo isabwerekedwe kwa wina aliyense, ikhale ya lole ya Januwale, ndipo loleyo isanyamuke ndi matumba ochepera 40.